Syreeta Wright, woimba amene dziko limamkumbukira ndi nyimbo imodzi

Pa 6 July 2004, mu mzinda wa Los Angeles m'dziko la America, munamwalira woimba ndiponso wolemba nyimbo Syreeta Wright. Iye anali ndi zaka 58, ndipo anali atabvutika ndi matenda a khansa. Nyuzipepala ndi nyumba zoulutsa mau zambiri zimene zinalengeza za imfa yake zinachula zinthu ziwiri: kuti anali mkazi woyamba wa Stevie Wonder, ndi kuti anaimba pamodzi ndi Billy Preston nyimbo ya cikondi yochedwa "With You I'm Born Again".

Mu 1980 nyimbo imeneyi inafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, ndi pa nambala 4 ku America. Pa zaka zoposa 20 zimene Syreeta anakhala akujambula nyimbo, palibe ina yolembedwa dzina lake monga woimba imene inafika pamenepo. Koma mbiri ya moyo wake ionetsa kuti mbali yaikulu ya nchito yake iri m'nyimbo zimene zinachukitsa anthu ena.

Ubwana wake

Syreeta anabadwa mu 1946 mu mzinda wa Pittsburgh, m'cigawo ca Pennsylvania. Atate ake anafera ku nkhondo ya ku Korea iye akali mwana wamng'ono, ndipo analeredwa ndi amai ake pamodzi ndi ambuye ake akazi. Banjali linali kusamukasamuka pakati pa cigawo ca South Carolina ndi mzinda wa Detroit, kufikira pamene linakhazikika ku Detroit mtsikanayo ali pafupi kuyamba sukulu ya sekondale.

Iye anayamba kuimba ali ndi zaka zowerengeka cabe, koma mtima wake unali pa gule wa ballet. Maphunziro a gule ameneyu amafuna ndalama zambiri ndi zaka zambiri, ndipo banja lopanda atate silinakwanitse. Motero anatembenukira ku nyimbo, nayamba kuimba m'timagulu ta acinyamata ta mu mzindawo.

Detroit wa masiku amenewo unali mzinda wa mafakitale a galimoto. Mabanja ambiri a anthu akuda anasamukirako kucokera kum'mwera kwa dzikolo kukafuna nchito ku makampani a Ford, General Motors ndi Chrysler. Mu 1959 a Berry Gordy, amene anagwirapo nchito mu fakitale ya Ford, anabwereka madola 800 kwa abale ao nayambitsa kampani yojambula nyimbo imene inachuka ndi dzina lakuti Motown. Kampaniyi inali m'nyumba wamba pa mseu wa West Grand Boulevard, ndipo mwana aliyense wodziwa kuimba mu Detroit anali kulakalaka kulowa pa khomo limenelo.

Pa khomo la Motown

Syreeta analowa pa khomolo mu 1965, koma nchito imene anapatsidwa inali yolandira alendo ndi kuyankha lamya. Pambuyo pake anakhala mlembi wa Mickey Stevenson, mmodzi wa akuluakulu oyang'anira oimba. Njira imeneyi inali yodziwika, pakuti Martha Reeves, mtsogoleri wa gulu la Vandellas, nayenso anayambira pa tebulo la Stevenson asanachuke.

Olemba nyimbo a pa kampaniyo anamva mau ake ndipo anayamba kumugwiritsa nchito yoimba nyimbo zoyeserera. Wolemba akatsiriza nyimbo, anali kufuna munthu woti aiimbe pa tepi kuti mwini wake, woimba wochuka amene nthawi zambiri anali pa ulendo, aimvetsere ndi kuiphunzira. Tepi yotere siinali kugulitsidwa, ndipo dzina la woiimba silinali kulembedwa paliponse. Mau a Syreeta anali opepuka ndi okwera, ofanana ndi a Diana Ross, amene anali kutsogolera gulu la atsikana atatu la Supremes. Cifukwa ca ici, iye anakhala woyeserera nyimbo za gululo, limene pakati pa 1964 ndi 1969 linafika pa nambala 1 ku America ka 12.

Mu January 1968 kampaniyo inatulutsa nyimbo yake yoyamba, "I Can't Give Back the Love I Feel for You", pansi pa dzina lakuti Rita Wright. Inalembedwa ndi Nickolas Ashford, Valerie Simpson ndi Brian Holland. Nyimboyi siinagulidwe kwenikweni, ndipo mu 1971 Diana Ross anaijambulanso pa cimbale cake.

Mwai umene unamphonya

Pa 14 January 1970 Diana Ross anaimba komaliza ndi gulu la Supremes mu mzinda wa Las Vegas, nacoka kukayamba kuimba payekha. Wolowa m'malo mwake anali atasankhidwa kale. Ameneyu anali Jean Terrell, mlongo wake wa katswiri wa nkhonya Ernie Terrell amene anamenyana ndi Muhammad Ali mu 1967.

Malinga ndi zimene Mary Wilson, mmodzi wa oyambitsa gululo, anafotokoza pambuyo pake, a Gordy anasintha maganizo panthawi yomweyo nafuna kuti Syreeta ndiye atenge malowo. Mary Wilson anakana, popeza gululo linali litayamba kale kujambula ndi Jean Terrell ndipo anthu anali atauzidwa. A Gordy anagonja, ndipo malo a woimba wotsogolera m'gulu la akazi lochuka koposa m'dzikolo anampitirira Syreeta ali ndi zaka zosakwana 25.

Zaka zake ndi Stevie Wonder

Panthawiyi Syreeta anali atadziwana kale ndi Stevie Wonder, mnyamata wosaona amene analowa ku Motown ali ndi zaka 11. Wonder anali kukula, ndipo anali kufuna kudzilembera ndi kudzikonzera yekha nyimbo m'malo modalira akuluakulu a kampani. Iye anaona kuti Syreeta anali ndi luso lolemba ndakatulo, namlimbikitsa kuti aziika mau m'nyimbo zimene iye anali kupeka.

Zipatso za mgwirizano umenewu zinaoneka mu 1970. Awiriwa, pamodzi ndi Lee Garrett, analembera gulu la Spinners nyimbo ya "It's a Shame", imene inafika pa nambala 14 ku America ndi kucotsa gululo pa mpando wa oiwalika. Caka comweco panatuluka "Signed, Sealed, Delivered I'm Yours", yolembedwa ndi Wonder, Garrett, Syreeta ndi amai ake a Wonder, Mai Lula Mae Hardaway. Nyimboyi inafika pa nambala 3 pa mndandanda waukulu wa magazini ya Billboard, ndi pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za soul.

Mu September 1970 awiriwa anamanga cikwati ku Detroit. Wonder anali ndi zaka 20. Mu 1971 anatulutsa cimbale ca Where I'm Coming From, ndipo nyimbo zonse za pa cimbaleco anazilemba pamodzi ndi mkazi wake. Imodzi mwa izo, "If You Really Love Me", inafika pa nambala 8, ndipo mau a Syreeta amamveka bwino lomwe m'nyimboyo ngakhale kuti dzina la woimba pa cimbale ndi la mwamuna wake yekha.

Cimbale cimeneci cinali ciyambi ca ufulu wa Wonder. Atakwanitsa zaka 21 mu May 1971, pangano lake loyamba ndi kampani linatha, ndipo anakana kusaina lina kufikira atapatsidwa mphamvu pa nyimbo zake. Mau a Syreeta apezekanso m'nyimbo zina za pa zimbale ziwiri zimene zinatsatira mu 1972, Music of My Mind ndi Talking Book, zimene zinayamba nyengo imene Wonder anachuka nayo pa dziko lonse.

Cikwati cao sicinakhalitse. Cinatha mu 1972, patangopita miyezi pafupifupi 18. Koma awiriwa sanadane, ndipo anapitiriza kugwirira nchito pamodzi.

Zimbale zoyamikiridwa, zosagulidwa

Mu 1972, caka cimene Motown inasamutsira likulu lake ku Los Angeles, Wonder anakonza cimbale coyamba ca mkazi amene anali kulekana naye, cochedwa Syreeta. Anagwiritsa nchito makina atsopano otulutsa mamvekedwe a zoimbira zosiyanasiyana, omwewo amene anali kujambulira nyimbo zake. Mu 1974 anamkonzera cina, Stevie Wonder Presents: Syreeta.

Zimbale ziwirizi zinayamikiridwa ndi olemba za nyimbo, ndipo mpaka lero okonda nyimbo za soul amazifunafuna. Koma palibe ndi cimodzi comwe cimene cinalowa pakati pa zimbale 100 zogulidwa kwambiri ku America. Zinali zosiyana ndi nyimbo zimene anthu anazolowera kumva kwa akazi a ku Motown, ndipo mphamvu za kampani panthawiyo zinali pa Diana Ross, amene anali atayamba kucita mafilimu. Ngakhale dzina la cimbale caciwiri linaika Wonder patsogolo, mwini cimbale pambuyo.

Ku Britain ndi kumene anthu anamlandira. Mu 1975 nyimbo yake ya "Your Kiss Is Sweet" inafika pa nambala 12 kumeneko. Pa nyimbo zonse zimene anaimba yekha pa moyo wake, iyi ndiyo inakwera koposa. Caka comweco katswiri wa gitala wa ku Britain, Jeff Beck, anatenga nyimbo ina ya pa cimbale ca 1974, "Cause We've Ended as Lovers", naiimba ndi gitala popanda mau. Anthu ambiri lero amaidziwa monga ya Beck.

Capakati pa zaka za m'ma 1970 Syreeta anacoka ku America nakakhala kwa kanthawi m'dziko la Ethiopia, kumene anali kuphunzitsa anthu njira ya kusinkhasinkha mwakacetecete yochedwa Transcendental Meditation. Anakwatiwanso ndi woimba gitala ya besi, Curtis Robertson Jr., amene anathandiza kukonza cimbale cake ca One to One mu 1977. Caka comweco anajambula cimbale ca nyimbo za awiri ndi G.C. Cameron, yemwe uja amene anatsogolera gulu la Spinners m'nyimbo imene Syreeta anawalembera mu 1970. Zimbale zonse ziwiri sizinapite patali. Pofika 1979, pangano lake ndi Motown linali pafupi kutha, ndipo panalibe cizindikilo cakuti lidzapitirizidwa.

Nyimbo ya m'filimu

Caka cimeneco kampaniyo inali italandira woimba watsopano, Billy Preston. Iye anabadwa mu 1946 monga Syreeta, mu mzinda wa Houston, ndipo anakulira m'nyimbo za m'chalichi. Anali katswiri wa piyano ndi limba. Mu 1969 gulu la Beatles linalemba dzina lake pambali pa lao pa nyimbo ya "Get Back", ulemu umene silinali kupatsa oimba obwera kudzathandiza. Mu 1973 ndi mu 1974 Preston anafika pa nambala 1 ku America ndi nyimbo zakezake, koma pofika 1979 naye malonda anali atamutsikira.

Awiriwa anapatsidwa nchito yoimba nyimbo za m'filimu yoseketsa yochedwa Fast Break, yonena za munthu wa ku New York amene anapita kukaphunzitsa masewera a basketball pa koleji yaing'ono ya ku Nevada. Imodzi mwa nyimbozo inali "With You I'm Born Again". Mau ake analembedwa ndi Carol Connors, mmodzi wa olemba nyimbo yodziwika ya m'filimu ya nkhonya ya Rocky, ndipo maimbidwe ake anapekedwa ndi David Shire.

Filimuyo inaiwalika msanga, koma nyimboyo inaikidwanso pa cimbale ca Preston cochedwa Late at Night, ndipo kumapeto kwa 1979 inayamba kumveka pa mawailesi. Masiku amenewo anali a nyimbo za disco, zothamanga ndi zodzala ng'oma. Iyi inali yoyenda pang'onopang'ono, yotsamira pa zoimbira za zingwe, mwamuna ndi mkazi akulandizana mau monga anthu awiri olonjezana. Mutu wake unabwereka cilankhulo ca m'chalichi ca kubadwanso mwatsopano, nucigwiritsa nchito pa cikondi ca mwamuna ndi mkazi. Mau okhuthala a Preston ndi mau opepuka a Syreeta anagwirizana, ndipo anthu anaigula. Mu January 1980 inafika pa nambala 2 ku Britain, ndipo mu April inafika pa nambala 4 ku America.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Panali patapita zaka 15 kucokera pamene Syreeta anakhala pa tebulo lolandirira alendo ku Detroit. Motown inamsainitsa pangano latsopano.

Komabe nyimbo imene inaika dzina lake pamwamba inali yolembedwa ndi ena. M'malonda a nyimbo ku America, ndalama zimene mawailesi amalipira nyimbo ikaulutsidwa zimapita kwa olemba ndi kwa kampani yosunga umwini wa nyimboyo. Motero mkazi amene anathandiza kulemba nyimbo zochukitsa anzake analibe gawo la wolemba pa nyimbo yaikulu koposa imene iye mwini anaimba.

Zimene zinatsatira

Kampaniyo inayesa kubwereza mwaiwo. Mu 1980 inatulutsa nyimbo zina ziwiri za Preston ndi Syreeta, koma palibe imene inalowa pakati pa nyimbo 40 zoyamba, kaya ku Britain kaya ku America. Caka comweco Syreeta anatulutsa cimbale cina ca yekha, cimene cinagulidwa kuposa zonse zimene anatulutsa kale, koma osafika pakati pa 50 zoyamba. Mu 1981 panatuluka cimbale cathunthu ca awiriwa, Billy Preston & Syreeta, ndi cina ca yekha, Set My Love in Motion. Mu 1983 Jermaine Jackson, mkulu wake wa Michael Jackson, anamkonzera cimbale ca The Spell. Ici ndico cinali cotsiriza cake ku Motown.

Zifukwa zake zinali zingapo. Anthu amene anagula nyimbo ya 1980 anakonda mau awiri pamodzi, ndipo ambiri anaiwerenga monga ya Preston, amene dzina lake linali lodziwika kale ndipo linali kuyamba pa cimbale. Syreeta analibe gulu lalikulu la omutsatira akeake limene likanagula ciriconse cimene watulutsa. Zimbale zake zinali kukonzedwa ndi anthu osiyanasiyana, aliyense ndi maimbidwe ake, kotero kuti womvera sanadziwe coyembekezera kwa iye.

Nayo kampani inali kufooka. Gulu la abale a Jackson linacoka mu 1975, Diana Ross anacoka mu 1981, ndipo Marvin Gaye anacoka mu 1982. Ndalama zolengezera nyimbo zinapita kwa ocepa amene anali kugulitsa kwambiri, monga Lionel Richie ndi Rick James. Preston naye analowa m'mabvuto a mankhwala osokoneza bongo amene anaononga nchito yake kwa zaka zambiri. Syreeta anacoka ku Motown capakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1988 a Gordy anagulitsa kampaniyo pa mtengo wa madola 61 miliyoni.

Kumapeto kwa zaka zimenezo Ian Levine, wokonza nyimbo wa ku Britain, anasonkhanitsa oimba akale a ku Motown pa kampani yake ya Motorcity. Syreeta anali mmodzi wa iwo. Pakati pa nyimbo zimene anajambula kumeneko panali yomwe ija ya 1980, ndipo cimbale cake cotsiriza, cimene cinatuluka mu 1990, cinapatsidwa dzina la nyimbo yomweyo. Patapita zaka 10, inali ikali cinthu cimene ogulitsa anadalira kuti anthu amzindikire naco.

Masiku otsiriza

Kuyambira 1993 mpaka 1995 Syreeta anayendera mizinda ya ku America ndi sewero la nyimbo la Jesus Christ Superstar, lolembedwa ndi Andrew Lloyd Webber ndi Tim Rice. Iye anali kusewera mbali ya Mariya wa Magadala, pamodzi ndi Ted Neeley ndi Carl Anderson, amene anasewera Yesu ndi Yudasi m'filimu ya sewerolo mu 1973. Itatha nchito imeneyi anakhazikika ku Los Angeles ndi ana ake, ndipo sanaonekerenso kawirikawiri pamaso pa anthu.

M'zaka zake zotsiriza anapezeka ndi khansa ya m'mawere, imene inafikanso m'mafupa. Mankhwala amphamvu amene anali kulandira anafooketsa mtima wake, ndipo ndi bvuto la mtima limene linamtenga pa 6 July 2004. Anaikidwa m'manda a Inglewood Park, pafupi ndi Los Angeles.

Stevie Wonder, amene anakhala bwenzi lake kwa zaka zoposa 30 cikwati cao citatha, analemba nyimbo ya "Shelter in the Rain" poganizira kudwala kwake. Inatuluka mu 2005 pa cimbale ca A Time to Love. Billy Preston anamwalira pa 6 June 2006 ku Scottsdale, m'cigawo ca Arizona, ali ndi zaka 59, atadwala matenda a impso.

Nyimbo zimene Syreeta anathandiza kulemba zinapitiriza kumveka iye atapita. Mu 2008, pamene a Barack Obama anali kucita misonkhano yokopa anthu kuti awasankhe kukhala mtsogoleri wa dziko la America, "Signed, Sealed, Delivered I'm Yours" inali kulizidwa kawirikawiri iwo akatsiriza kulankhula. Pa 7 July 2009, pa mwambo wokumbukira Michael Jackson ku Los Angeles umene unaulutsidwa pa wailesi ya kanema m'maiko ambiri, Wonder anakhala pa piyano naimba "Never Dreamed You'd Leave in Summer". Nyimbo imeneyi ndi ya pa cimbale ca 1971 cija, cimene iye ndi mkazi wake analembera pamodzi.

Ocepa mwa anthu amene anamva nyimbo zimenezi pa misonkhanoyo anadziwa kuti mmodzi wa olemba ake ndi mkazi yemwe uja amene anaimba ndi Billy Preston. Pa zimbale zakale za Motown, pansi pa mutu wa nyimbo, pali mzere wa zilembo zing'onozing'ono wochula olemba. Pamenepo ndi pamene dzina lakuti S. Wright limapezeka.